Tsiku limene a Namaona anafunda chitenje cha Modesta

Bokosi la a Namaona linali lopepuka moti amuna onyamula anayang'anana. Mmodzi anandinong'oneza kuti, "Madala, kodi alimo?" Ndinamuyankha kuti, "Alimo, ndipo akukumva. Ponda bwino, ukawagwetsa akutukwana m'Chilomwe." Tinawaika mwezi wathawu kumanda a kumtunda kwa Chinamwali, phiri litafunda chifunga mpaka m'munsi. Nkhalamba yotsala imene inawadziwa kuyambira kale ndine, n'chifukwa chake anthu andikakamiza kuti ndilembe za iwo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti tonse tatopa. Ndiye mukaona pokhota, muwongole nokha.

Anali asuweni anga, mwana wa amalume anga, akulu kwa ine ndi zaka pafupifupi khumi. Kwathu kuno msuweni ndi munthu womuseka mpaka kumanda, ndipo ine ntchito imeneyo sindinajombepo. Ndinkawatchula kuti mkazi wanga. Iwo ankayankha kuti akanakwatiwa ndi ine bwenzi atafa kalekale, theka ndi njala, theka ndi phokoso. Makolo athu anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo Chinyanja cha a Namaona chinkayenda bwinobwino mpaka wina awaponde. Akakwiya, Chilomwe chinkatuluka chokha, ndipo ngakhale osachimva ankadziwa kuti akunenedwa.

Thupi lawo linali laling'ono. Ukawaona kumbuyo ungati ndi kamtsikana ka sukulu katumidwa kukagula mchere. Koma mapazi anali a munthu wina: zidendene zong'aluka ngati dothi la m'dambo mwezi wa Okutobala, ndi chala chachikulu cha kumanzere chokhotera kunja, chimene chinaphwanyidwa ndi chipika ali mtsikana. Nsapato ankavala kutchalitchi kokha, ndipo ankazinyamula m'manja mpaka pakhomo. Mapaziwo muwakumbukire, ndiwafunanso.

Ntchito yawo inali nkhuni. M'mamawa ankakwera phiri ndi amayi anzawo, masana n'kutsika ndi mtolo wautali kuposa iwo eni, nkhata pamutu, khosi lili chilili. Ine ndinayesapo kamodzi kuukweza mtolo umenewo pofuna kudzionetsa kuti ndine mwamuna. Msana wanga mpaka lero ukazizidwa umandikumbutsa. Alonda a nkhalango, amene amayi ena ankawathawa, kwa a Namaona ankavula chipewa. Iwo sankadula mtengo wauwisi, ndipo akapeza munthu akudula, ngakhale akhale mlonda yemweyo, ankamuyimira pamenepo mpaka nkhwangwa igwe pansi. Ankati nkhuni yaiwisi ukaiika pamoto imangolira madzi ndi kufuka utsi, aliyense m'nyumba n'kutsokomola, ndipo ankati mwana wokwatiwa asanakhwime ndi chimodzimodzi.

Potsika phiri, pamene njira imakhota isanalowe m'nyumba zoyamba za Chinamwali, pali mwala waukulu wosalala pamwamba. Pamenepo ndi pamene ankatsamiritsa mtolo n'kupuma. Ana asukulu amadutsa pomwepo. Mtsikana aliyense wodutsa sankamufunsa kuti wadzuka bwanji kapena ndi mwana wa yani. Funso lawo linali limodzi: "Uli kalasi yanji?" Akayankha, ankagwedeza mutu n'kumulola apite. Akati sapita kusukulu, a Namaona ankasiya mtolo pamwalapo, nkhuni zimene akanagulitsa tsiku limenelo, n'kumutsata mwanayo mpaka kwawo. Matipate atabwera, sukulu ya pulayimale n'kukhala yaulere, anayenda khomo ndi khomo ngati munthu wosaka mbuzi yotayika. Iwo eni sankadziwa ngakhale chilembo choyamba cha dzina lawo. Nditawaseka za zimenezi anati munthu amene sanalowepo m'nyumba ndiye amadziwa bwino kuzizira kwa kunja.

Anakangana ndi anthu ambiri. Mkulu wina wa mpingo anawauza kuti mkazi azikhala chete pamsonkhano. Iwo anakhaladi chete, koma ataimirira, akumuyang'ana m'maso, mpaka mkuluyo anaiwala zimene ankanena n'kuyambitsa nyimbo yotsekera. Ndi ine tinkakangana za kachasu. Ankati ndikamwalira sadzafunika kundikonza, ndawawuka kale m'kati. Taonani lero, iwo apita, ine wowawuka ndatsala.

Koma chimene ankatchuka nacho kuyambira Chinamwali mpaka Songani ndi chinkhoswe. Kwa osadziwa: tsiku la chinkhoswe, akuchikazi satulutsa mkwatibwi nthawi yomweyo. Amayamba atulutsa akazi ena atawafunditsa chitenje kuchokera kumutu, akuchimuna n'kuvundukula, n'kunena kuti si ameneyu, anthu n'kuseka. Mwini wake amatuluka pomaliza. Akamuvomera, ankhoswe amasinthana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti, ndipo pamenepo nkhani yatha, mwana wapita. Wotsogolera ofunditsidwawo amafunika mawu ndi nthabwala, ndipo pa zimenezi panalibe wofanana ndi a Namaona. Chinkhoswe chopanda iwo chinkakhala ngati ndiwo zopanda mchere.

Tsopano ndifike pa nkhani imene onse obwera kumaliro ankanong'onezana.

Chinali chaka cha njala, chija anthu ankapanga mzere pofuna madeya. Pafupi ndi kwathu pankakhala a Rozina, mayi wamasiye wofatsa, wolankhula akuyang'ana pansi. Mwana wawo woyamba anali Modesta, wa zaka khumi ndi zinayi, wa Sitandade 8, mayeso ali pafupi. Mwini mbumba anali a Filipo, mchimwene wa a Rozina. A Filipo sanali munthu woipa, ndinene zoona, tinkamwera limodzi. Koma anali ndi ana ake, ndi ana a mlongo wake, ndipo nkhokwe inali mbee. Ndiye kunabwera a Bonifasi, ogulitsa matabwa pa Songani, munthu wa mimba yake ndi galimoto yake, amene mkazi wawo woyamba anali atabwerera kwawo. Anamuona Modesta akutunga madzi. A Filipo anavomera.

A Namaona atamva anapita kwa a Filipo. Anauzidwa kuti mbumba si yawo, akayang'ane nkhuni zawo. Anapita kwa a Rozina, a Rozina anangolira. Tinkayembekeza nkhondo, koma a Namaona anangoti zii. Kenako tinamva zodabwitsa: a Bonifasi, pofuna kuti Chinamwali yense aone kuti akwatira mwaulemu, apempha kuti wotsogolera chinkhoswe akhale a Namaona, ndipo a Namaona avomera.

Ndinawapeza pamwala paja.

"Mkazi wanga, akugulani ndi chiyani? Sopo kapena mchere?"

"Asuweni," anatero osandiyang'ana n'komwe, "inu mubwere mudzadye mpunga, ndiyo ntchito imene Mulungu anakupatsani. Mukhale kutsogolo. Koma pakamwa panupo mudzatseke, kamodzi kokha pa moyo wanu."

Linali Loweruka masana, pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Filipo. Akuchimuna anabwera pa galimoto ya matabwa, atavala majekete ngakhale dzuwa linali loswa mutu. A Bonifasi anali atatumiziratu chitenje chatsopano cha mkwatibwi, chobiriwira cha maluwa achikasu, ndipo a Filipo anali atachionetsa kwa aliyense wodutsa. Nkhoswe ya kuchimuna inali amalume awo a a Bonifasi, bambo wa ndevu zoyera, atagwira tambala wofiira m'khwapa. Ine ndinakhala kutsogolo monga ndinauzidwira.

Amayi anayamba kuimba ndi kuwomba m'manja. A Namaona anatuluka m'nyumba akuvina pang'onopang'ono, atagwira dzanja munthu wofunditsidwa chitenje chakale. Nkhoswe ija inavundukula. Anali Felista, mayi wachitsikana wogulitsa tomato pamsewu, woyenda motsimphina. "Si ameneyu!" Anthu anaseka monga mwa masiku onse. Koma a Namaona sanamubweze m'nyumba.

"Ima pompo, mwanawe. Anthuni, uyu mukumudziwa. Felista, unakwatiwa uli kalasi yanji?"

"Sitandade 5."

"Mwendowu unatani?"

"Pobereka mwana woyamba."

"Mwanayo ali kuti?"

"Kumanda."

"Nanga bambo wake?"

"Anapita ku Joni. Sanabwerenso."

Kuseka kuja kunazima ngati nyali yothimitsidwa ndi mphepo. A Filipo anadzuka. "Amayi, mwambo suyenda choncho."

"Mwambowu ndinayamba kuugwira inu musanamere mano. Khalani pansi, wachiwiri akubwera."

Anatulutsa wachiwiri. Nkhoswe ija inavundukula mothamanga kuti zithe msanga, koma inabwerera m'mbuyo ngati yagwira mbaula. Anali a Rozina, mayi a mwana. A Bonifasi anagwetsa nkhope pansi, pakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi chotero pagulu.

"A Filipo," anatero a Namaona, "mlongo wanu uyu, tsiku limene ankapita ku banja munamunyamulira kamtolo ka zovala ndinu. Anali wamkulu bwanji? Mukukumbukira kuti analira njira yonse, inunso n'kumalira naye?"

A Rozina anaima pambali pa Felista.

"Chabwino," anatero a Namaona, "ndakuchedwetsani. Dikirani ndikamutenge mwini wake."

Analowa m'nyumba. Nyimbo inayambanso, koma yolemera. Patapita kanthawi, amayi awiri a kuphiri anatuluka atagwira kamunthu kakang'ono kofunda chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, kakuyenda mwamanyazi, mutu uli pansi. Anthu anapumira m'mwamba. Ena anati a Namaona atsalira m'nyumba chifukwa sakufuna kuona mwana akuperekedwa. Inenso mtima unandiwawa, ndinayang'ana pansi. Ndipo pansipo, kunsi kwa chitenje, ndinaona chala chachikulu chokhotera kunja.

Abale anga, ndinaluma chipewa. Chipewa chimenecho chilipo, mano anga akuonekabe.

Mmodzi wa amayi aja anafunsa, "Ankhoswe a kuchimuna, mwamuona?"

Bambo wa ndevu uja anali atatopa ndi kuchititsidwa manyazi. Sanadzuke n'komwe. "Ndi ameneyu. Chitenjecho tinagula ndife."

"Simuyamba mwavundukula?"

"Tavundukula zokwanira lero. Ndi ameneyu."

"Simudzabweranso pakhomo pano kudzafuna wina?"

"Wina wa chiyani? Tabwerera ameneyu basi, sitifunanso wina. Anthu onsewa ndi mboni." Atatero anadzuka n'kukankhira tambala uja m'manja mwa a Filipo.

Pamenepo chitenje chinatseguka chokha. Imvi mbuu. Timaso tating'ono towala, nkhope yamakwinya.

Phokoso limene linabuka sindinalimvepo chibadwire. Amayi anagwa chagada, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, oyendetsa njinga zakabaza anasiya makasitomala n'kuthamangira kudzaona. Ine ndinagwa pa benchi, benchi n'kundigwera. Munthu mmodzi yekha sanaseke: a Namaona. Anaima chilili monga amaimira ndi mtolo pamutu, mpaka phokoso lonse linatha lokha.

"Mwanena nokha pamaso pa anthu," anatero ndi mawu otsika. "A Bonifasi, ndine mkazi wanu. Mumafuna mwana wokwatiwa asanakhwime. Ndine amene. Mwangochedwa kufika."

Kenako anatiuza zimene ine, msuweni wawo, wowaseka pa chilichonse, sindinkazidziwa, pakuti zinachitika ndisanayambe kuvala kabudula ndipo akuluakulu anazikwirira. Anati chaka chomwe anavinidwa anaperekedwa kwa kapitawo wa pa esiteti ya fodya, nawonso atafunditsidwa chitenje chatsopano. Anatenga pakati thupi lisanakonzeke. Mwana anakanirira, anawanyamula pa machira kupita kuchipatala, mwanayo anatuluka atafa, ndipo madokotala anati sadzaberekanso. Kapitawo uja anawabweza kwawo ndi chitenje chomwe chija.

"Kuchokera tsiku limenelo, chimene ndanyamula ndi nkhuni basi," anatero. "Ndiye mundiyang'anitsitse. Ichi ndi chimene mwabwera kudzagula."

A Namaona anatembenukira kunyumba n'kuitana, "Modesta!"

Mwanayo anatuluka atavala yunifolomu yake yakutha mtundu, maso ofiira.

"Uli kalasi yanji?"

"Sitandade 8."

"Mayeso ukufuna kulemba?"

"Eya."

"Kweza mawu, makutu a amalume ako ali ku Songani."

"Ndikufuna kulemba!"

Musaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Tambala anali adakali m'manja mwa a Filipo, ndipo mwini mbumba anali iwo. Akanangoitanitsa msoti n'kupereka, nkhoswe ija ikanameza mawu ake, mwana akanakwera galimoto. A Filipo anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana nkhokwe yawo, n'kunena mawu amene panalibe woti awaseke: "Ndiye adya chiyani? Mayeso?"

A Namaona anangotembenuka n'kuyang'ana a Rozina. Ndipo a Rozina, amene chibadwire sanatsutsepo mchimwene wawo ngakhale pa nkhani ya mchere, anakweza nkhope.

"Achimwene, bwezani tambalayo. Adya chimene ndidye ine. Ndikagona ndi njala agona nane, koma agona kwathu."

"Lolemba a Rozina akwera nafe kuphiri," anawonjezera a Namaona. "Nkhata ndawapangira kale."

A Filipo anayenda n'kukamuika tambala uja pamiyendo pa nkhoswe ija. A Bonifasi anali atakhala kale m'galimoto, magalasi atakweza. Anapita osatsanzika. Mpunga unatsala, ndipo poti kutaya chakudya chaka cha njala ndi tchimo, ine ndinadzipereka.

Sizinali zophweka pambuyo pake. A Filipo sanawapatsenso moni a Namaona mpaka imfa inawalekanitsa. Ena ankati awononga mwambo, ndipo kwa nthawi ndithu panalibe wowaitana pa chinkhoswe. A Rozina khosi linawatupa miyezi yoyamba, ndipo masiku ena ankagonadi ndi madzi okha. Modesta anakhoza, anasankhidwa kupita ku sekondale ina cha ku Malosa, ndipo amayi a kuphiri anayamba kuwonjezera nthambi pa mtolo uliwonse kuti apeze ndalama zomulipirira sukulu, zimene ankazitcha nthambi za Modesta. Mitolo inalemera zaka zonsezo, koma sindinamvepo wodandaula. Pang'onopang'ono zinthu zinatembenuka: banja lokwatitsa mwana wamkulu linkaitana a Namaona kuti anthu adziwe kuti palibe chobisa, ndipo chinkhoswe chimene iwo sanaitanidwe anthu ankafunsana kuti kodi kunsi kwa chitenjeko kuli ndani.

Si onse amene anawapulumutsa. Ena ankatengedwa mwakachetechete, opanda nyimbo, opanda nkhuku. Masiku ena ndinkawapeza pamwala paja akutchula mayina a ana amenewo mmodzimmodzi, ndipo tsiku lotero ngakhale ine nthabwala ndinkazisiya m'thumba.

Chitenje chija sanabweze. Ankati ndi cha ukwati wawo, ndipo mwamuna akachifuna abwere adzatenge ndi mkazi yemwe. Ine kuyambira pamenepo ndinkawatchula Mayi Bonifasi, n'kumadandaula kwa aliyense kuti munthu wa matabwa anandilanda mkazi ndili pompo.

Atadwala komaliza, Modesta anabwera kudzawaona. Pano ndi mphunzitsi pa sukulu ina kuseri kwa phiri, ali ndi banja limene anasankha yekha atakula, ndipo pa chinkhoswe chake womutulutsa anali a Namaona omwewo. Anagwada pambali pa mphasa. Maso a nkhalamba anali atachita khungu, koma dzanja linamuzindikira.

"Uli kalasi yanji?"

"Sitandade 6, agogo. Koma ndimaima kutsogolo, choko m'manja."

"Iii, wabwerera m'mbuyo," anatero a Namaona, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Ndiko kuseka kwawo komaliza kumene ndinakumva. Pa maliro, Modesta anayala chitenje chobiriwira chija pabokosi, maluwa achikasu atafwifwa, ndipo chinatsika nawo.

Dzana ndinakwera pang'onopang'ono ndi ndodo yanga mpaka pamwala paja. Mwalawo ulipo, wosalala pamene mtolo unkatsamira, ndi kamzere koyera kamene nkhuni zinakanda zaka zonsezi. Amayi a kuphiri akafika pamenepo satsamiritsapo mitolo yawo, amapitirira n'kukapumira pa chitsa cha kumunsi. Wina anaikapo nkhata yakale n'kuipsinja ndi kamwala kuti mphepo isaitenge. Ndinakhala chapatali, pakuti pamwala penipenipo sindingayerekeze.

Ana anaweruka kusukulu n'kuyamba kudutsa, aphokoso ngati mpheta. Ndinafuna kufunsa funso lija, koma pakamwa panga silikwana, lingamveke ngati nthabwala. Kumapeto kunabwera kamtsikana kena kali kokha, mabuku m'jumbo, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Katafika pamwalapo kanachepetsa liwiro monga kanazolowera, kanayang'ana pamene palibe munthu. Sikanandione. Kanaima pang'ono, kenako kanalankhula motsitsa, kakuyang'ana nkhata ija:

"Sitandade 7."

Kanadikira kanthawi ngati pali woti agwedeze mutu, kenako kanapitirira kutsika. Ine ndinakhala pomwepo, chipewa changa cholumidwa chili m'manja, pakamwa nditatseka popanda wondiuza.